Nkhanu Yalumikizidwa

Zinkachitika chimodzimodzi m'mawa uliwonse. Ndinkagwada patsogolo pa kathebulo koyera pamene panali bokosi la mafupa a mwamuna wanga, otsala atawotcha mtembo wake, n'kuyatsa lubani, n'kuliza kabelu kamodzi. Kenako ndinkadikira. Lubaniyo akapsa kachigawo kochepa ngati chikhadabo, foni inkanjenjemera m'thumba la epuloni yanga, ndipo pamwamba pake pankabwera mawu awiri okha: Nkhanu yalumikizidwa.

Nkhanu inali tabuleti ya Shunpei, mwamuna wangayo. Mwana wathu Kotone ndiye anaipatsa dzinalo chifukwa cha chikutiro chake chofiira. Inalibe intaneti yakeyake, inkayamwa ya m'foni yanga. Ndipo malinga ndi apolisi, inali pansi pa nyanja, chifukwa ati Shunpei anaterereka padoko ataledzera n'kumira nayo.

Munthu wake sankamwa kupitirira kapu imodzi. Ndinawauza zimenezo. Anandiweramira mwaulemu, n'kutseka nkhaniyo.

"Shunpei," ndinanong'ona m'mawa wina, foni nditaigwira ndi manja onse awiri. "Ngati ndiwe, ukufuna chiyani? Kukuzizira kumeneko?"

"Ukulankhula ndi ndani?"

Apongozi anali ataima pakhomo la chipinda, atanyamula Kotone. Anabwera kuchokera kwawo kumapiri tsiku la maliro ndipo sanabwererenso. Ndinawaonetsa foni, koma mawu aja anali atazimiririka kale.

"Amayi, inalumikizidwa. Ndaona ndi maso angawa."

"Dzulo unaona. Dzana unaona." Anamutsitsa Kotone n'kumutseka makutu ndi manja awo. "Mpunga ukuupsereza, mwana ukumuveka masokosi osiyana. Tamvera, Fumika. Tsiku la makumi anayi ndi asanu ndi anayi chimwalirire likakwana, tikatha mwambo wake, mafupa a mwana wanga akupita kumanda a kwathu, kampani imene ankagwirako ntchito ikutenga nyumba yake ino, ndipo Kotone akupita ndi ine. Iweyo ukapume kuchipatala. Ndalankhula kale ndi achimwene ako, avomera."

"Kotone ndi mwana wanga."

"Ndi mwana wa munthu amene amacheza ndi foni."

Kunali kutatsala sabata imodzi. Kachikwama ka Kotone kanali kale pafupi ndi khomo, nsapato zake zachikasu zili pamwamba.

* * *

Chimene chinanditulutsa m'nyumba tsiku lomwelo ndi uthenga wa kampani ya mafoni. Anali atandidula ndalama zokwana mayeni 500 zogawira intaneti.

Ndalama imeneyo Shunpei ankadana nayo kuposa msonkho. "Intaneti tagula kale," ankatero akumenya pathebulo. "Zili ngati ugule mpunga, wogulitsayo akutsatire kunyumba, n'kukulipiritsanso chifukwa wapakulirako mwamuna wako m'mbale ina!" Anakana kwamtuwagalu kulipira pa mafoni awiri. Tinatsegula pa yanga yokha, ndipo kuyambira pamenepo ankanditsatira ndi Nkhanu yake paliponse, kukhitchini, pochapa, poyanika. Ndikapita patali pang'ono ankakuwa ali pakhonde, "Fumika, sendera kuno, ikudula!" Nyumba zonse za kampani zinkaseka, ati mwamuna womangidwa pachingwe cha mkazi wake. M'mawa wa tsiku lomaliza lija anatenga foni yanga n'kuyatsa yekha batani logawira intaneti. Sindinalizimitse. Ndicho chinthu chomaliza chimene chala chake chinakhudza m'nyumba muno.

Koma kampaniyo inkadula ndalamayo mwezi wokhawo umene munthu wagawadi intaneti. Mwezi uno wonse Shunpei anali mafupa m'bokosi.

Mtsikana wa pakauntala kusitolo ya mafoni anali ndi kansalu kowala m'khosi ndi mawu ofewa ngati owerenga papepala.

"Tikupepesa kwambiri, kasitomala wathu wolemekezeka, chifukwa cha kusautsidwa kwanu."

"Mwamuna wanga anamwalira. Palibenso wogawana naye."

"Tikupepesa kwambiri chifukwa cha imfayo. Komabe, monga mwa pangano limene munasaina, ndalamayi imadulidwa chipangizo china chikalumikizidwa, ndipo makina athu akuonetsa kuti chinalumikizidwa. Pafupifupi tsiku lililonse."

Ndinagwira m'mphepete mwa kauntala. "Tanenaninso."

"Chipangizo china chinalu…"

"Ndiye kuti inunso mukuchiona?"

Mawu ake a papepala aja anatha. "Mayi, muli bwinobwino? Takhalani pansi kaye."

"Chimalumikizidwa chili patali bwanji?"

"Chipinda chimodzi, mwina ziwiri. Msewu sichingawoloke."

"Nanga chikakhala pansi pa nyanja?"

Anayang'ana kwa abwana ake, kenako kwa ine. "Ayi, mayi. Chimenecho chili pouma. Ndipo chili pafupi nanu."

Ndinatuluka. Kampani imene Shunpei ankaitukwana mwezi ndi mwezi ndiyo inali mboni yanga yoyamba. Singadule munthu ndalama chifukwa cha maloto.

* * *

Kupolisi anandipatsa Sajeni Ebina, mayi wamfupi wa imvi, woti watsala pang'ono kupuma pantchito. Ndikuganiza kuti anandikankhira kwa iye chifukwa ena onse anali atatopa nane. Ankayamwa switi wowawasa n'kumamugundanitsa ndi mano.

"Makampani a mafoni ndi mbava," anatero atawerenga uthengawo. "Koma ndi mbava zosaiwala pamene zaba. Mawa m'mawa ndikupezani. Apongozi anuwo muwatume kwina ndi mwana."

M'mawa mwake apongozi anapita ndi Kotone kukachisi kukakonza za mwambo. Ine ndinatsika kukamuchingamira Sajeni, ndipo pamasitepe tinakumana ndi a Tsushima akupita kuntchito. A Tsushima anali kapitawo wa Shunpei kufakitale ya nkhono za m'nyanja, ndiponso oyandikana nafe khomo ndi khomo. Pamaliro ndi amene analira kwambiri kuposa tonse.

"Aaa, abwana Sajeni!" anakuwa, manja atatambasula. "Mwabwera kudzatimanga chifukwa cha fungo la nsomba? Mangani fakitale yonse!"

"Tandikumbutsani, bambo Tsushima. Tsiku limene Shunpei anamwalira munali kuti?"

"Pamphasa, mayi, chimfine chitandigwetsa ngati thumba la mchere. Kafunseni mayi a kunyumba, anandiphikira phala la mpunga. Shunpei ndinamusiya kuntchito masana ali ndi kachidole kake kofiira kaja, akujambula makatoni. Mnyamata ankakonda kujambula, ee! Kanamira naye, kalanga ine." Anatembenukira kwa ine, akumwetulirabe. "Amake Kotone, tulo mukutiona koma? Timakumvani mukulankhula nokha. Makoma ano ndi mapepala, mayi, ngakhale munthu akameza malovu timamva."

Anatsika akuimba mluzu. Pakhota la masitepe mluzuwo unaduka, ndipo ndinamva kuti aima. Ine ndimamva zinthu zotere, chibadwire Kotone khutu langa siligona. Kenako anapitiriza.

"Makatoni ati?" Sajeni anafunsa titalowa.

"Shunpei ankati nkhono zimabwera kuchokera kunja m'makatoni abulauni, n'kutuluka m'makatoni oyera olembedwa dzina la gombe lathu. Ankafuna kukaonetsa zithunzizo ku bungwe la asodzi."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Mnzanu wina wamwamuna anati chisoni chimalankhulitsa zambiri."

Sajeni anatafuna switi uja, n'kutenga foni yanga. Anayenda nayo kukhitchini, kubafa, pakhonde. Anatsegula makabati onse, anafwanyula zofunda, anasuzumira ngakhale m'bokosi la zidole. Foni inali chete. Nkhope yanga inayamba kutentha. Ndinkaona kale mmene akandiweramire potuluka, ngati anzake aja.

"Muno mulibe," anatero. "Tsopano mundiuze zonse zimene mumachita isananjenjemere. Osasiya ngakhale kutsokomola."

"Ndimagwada. Ndimayatsa lubani. Ndimaliza kabelu."

"Tsiku lililonse imabwera?"

"Kupatula Lamlungu. Lamlungu sabwera. Ndiponso tsiku la holide lija sanabwere."

"Mzimu wopuma Lamlungu," anatero, akupukusa mutu. "Umenewo ndiye uli ndi ntchito yabwino kuposa ine."

Anagwada patsogolo pa kathebulo, mawondo ake akulira. Anaweramira bokosi lija. "Pepani, achimwene, ndikusokonezani pang'ono." Anayatsa lubani, n'kuliza kabelu.

Kulira kwake kunazirala pang'onopang'ono. Panja mbalame za padoko zinkakangana. Utsi unakwera molunjika, kenako n'kupindika. Ndinapemphera kuti abwere, ndipo nthawi yomweyo ndinapemphera kuti asabwere.

Foni inanjenjemera m'dzanja la Sajeni.

* * *

"Ndaona," anatero motsitsa mawu, maso ali pafoni. "Ine ndaona, mayi. Mutu wanu uli bwino."

Ndinakhala pansi mwadzidzidzi, ndipo misozi inangotuluka yokha.

"Mulire kenako. Tabuletiyo ikakhala yozimitsidwa, imachedwa kuyaka?"

"Inali yakale. Shunpei ankaiyatsa n'kupita kaye kukathira tiyi."

Analoza lubani, pamene panapsa. "Nthawi yake ndi imeneyo. Wina amamva kabelu, n'kudina batani, n'kudikira. Ndipo batire singakhale milungu yonseyi popanda woitchaja. Akufa satchaja, mayi, kumeneko kulibe magetsi." Anasendeza kathebulo pang'ono, n'kuika khutu pakhoma. "Kuseri kuno kuli chiyani?"

Nyumba za kampani zonse n'zofanana, ina ndi chithunzi cha inzake pagalasi. Sindinafunike kuganiza.

"Kabati ya zofunda ya a Tsushima."

"Ndipo Lamlungu ndani amakhala pakhomo tsiku lonse?"

Tonse awiri tinkadziwa kuti ndi a Tsushima. Mawu aja pafoni anazimiririka. Kuseri kwa khoma, pafupi kwambiri ngati m'chipinda mwathu momwe, tinamva chitseko cha kabati chikutsekedwa pang'onopang'ono.

* * *

Sajeni anaimba foni mwachidule, kenako anagogoda. Mayi Nobuko, mkazi wa a Tsushima, anatsegula chitseko tcheni chili chokolekabe. Anali mayi wowonda, wolankhulira pansi. Ndili ndi pakati pa Kotone ankandibweretsera ndiwo zoviika mumchere, chifukwa ndi zokhazo zimene zinkakhala m'mimba. Chichitikire maliro anali asanandiyang'anepo m'maso.

"Ngati ndi za zinyalala, pepani," anatero. "Mabotolo ndinatulutsa tsiku lolakwika. Sindidzachitanso."

"Si za mabotolo," anatero Sajeni. "Amuna anu akuti tsiku lija munawaphikira phala."

"Inde. Phala. Kunja kunali kuzizira. Chaka chino kwazizira msanga, eti? Zochapa sizikuuma."

"Munathiramo chiyani?"

"M'chiyani?"

"M'phalamo."

Ndinasendera kutsogolo, mpaka nkhope yanga inafika pampata wa chitseko.

"Achemwali," ndinatero. "Mumamva kabelu kanga?"

Anatseka chitseko. Ndinaganiza kuti zatha. Kenako tcheni chinalira, ndipo chitseko chinatseguka chonse.

Tinavula nsapato n'kuwatsatira. Anagwada pakabati, n'kulowetsa dzanja pakati pa zofunda zokhuthala za nyengo yozizira mpaka paphewa. Chimene anatulutsa ndinachidziwa ndi pakona pake, pamene Kotone anapatafuna mano akumera. Ndinamva fungo la Shunpei m'mutu mwanga, ngakhale kuti chinkangonunkha mankhwala ophera njenjete.

"Amuna anga anabwera nayo tsiku lomwelo," anatero mayi Nobuko, akuyang'ana pansi. "Nsapato zili zonyowa, dzanja litakandika. Phala sindinaphike. Anayesa kuitsegula kuti afufute zithunzi, koma nambala yachinsinsi inawakanika. Padoko panali podzaza apolisi ndi osambira, sakanabwerera nayo kumeneko. Ndiye anandiponyera ine, ati taya."

"Bwanji simunataye?" anafunsa Sajeni.

"Ndikanataya kuti? Matumba athu a zinyalala ndi oonekera mkati, ndipo timalembapo nambala ya nyumba. Amayi a komiti ya nyumba zino amawatsegula. Zinyalala zowotcha zili ndi tsiku lake, chinthu cha batire chili ndi tsiku lake ndi bokosi lake, pamaso pa anthu. Bambowa chikwatirane sananyamulepo thumba la zinyalala, sadziwa. Anangoganiza kuti zimene mkazi watulutsa pakhomo zimasowa zokha."

"Kupolisi si kutali."

Mayi Nobuko anakokera mkono wa juzi yawo pansi kuti uphimbe dzanja, koma ndinali nditaona kale mabala akuda aja.

"Foni yanga amaiyang'ana. Ndikatuluka amafunsa kumene ndinali ndi amene ndinamupatsa moni." Anandiyang'ana tsopano, koyamba. "Ndinakumbukira mmene amuna anu ankakuwira pakhonde. Ndinati, ikayaka ikufunani yokha, Fumika, ine osatsegula pakamwa. Kabelu ndi kamene kankandiuza kuti muli pafupi ndi khoma. Ndinkaganiza kuti mukaona muthamangira kupolisi tsiku lomwelo. Sindinadziwe kuti muyesa ndi iyeyo."

"Munkandimva?"

"Zonse. Mukumufunsa ngati kukuzizira. Mukumuuza kuti Kotone wayamba kuvala yekha nsapato." Misozi inkatsika koma mawu awo sanasinthe. "Ndinafuna kusiya. Koma ndinkati, ndikapanda kuyatsa lero, mayiyu agwada paja n'kudikira, palibe chobwera. Ndikhala ngati ndamuphanso kachiwiri."

Ndinafuna kuwamenya. Ndinafuna kuwakumbatira. Ndisanachite chilichonse, khutu langa linamva mluzu pansi pa masitepe.

"Akubwera," ndinatero.

* * *

"Nobuko! Ndaiwala chakudya changa, iwe!"

Chitseko chinatseguka, kenako kunali zii. Ndinadziwa chimene ankayang'ana: nsapato za anthu awiri achilendo pakhomo pawo, zitayalidwa bwinobwino. A Tsushima analowa osavula zawo. Pamikeka ya m'nyumba mwawo momwe, ndi nsapato za kufakitale.

Maso awo anagwera pa Nkhanu, imene inali pamiyendo panga. Kumwetulira kuja kunabwerera, koma mochedwa.

"Aaa, mwapeza chidole cha mdzukulu wathu! Anachiiwala pa chikondwerero cha chilimwe. Zofiirazi zadzaza m'masitolo, abwana, aliyense ali nayo."

"Zoona," anatero Sajeni. "Amake Kotone, taiyatsani."

Ndinadina batani. Tinadikira tonse anayi. Madzi ankadontha pampopi kukhitchini. Sajeni anakweza foni yanga m'mwamba, galasi lake litayang'ana kwa a Tsushima, ndipo itanjenjemera sanaiyang'ane n'komwe.

"Tawerengani, akapitawo. Maso anga ndi okalamba."

Sanawerenge mokweza.

"Mdzukulu wanuyo ndi wanzeru," Sajeni anapitiriza. "Chidole chake chikudziwa foni ya mayiwa, ndipo chili ndi dzina la tabuleti imene mwandiuza m'mawa uno kuti inamira. Youma chonchi. Kodi ndi chimfine chimene chinaivuula?"

A Tsushima sanamuyang'ane Sajeni, sanandiyang'anenso ine. Anatembenukira kwa mkazi wawo, ndipo mawu amene anatuluka sanali a munthu wanthabwala wa pamasitepe uja.

"Ndinakuuza kuti utaye."

"Linali tsiku la zinyalala zowotcha," anatero mayi Nobuko.

Dzanja lawo linakwera. Sajeni, mayi wofika pachifuwa pawo pokha, anaima pakati.

"Tsitsani limenelo, bambo. Pansi pali anyamata anga awiri amene atopa kukhala m'galimoto. Ndipo muvule nsapatozo musanatuluke, mwadetsa kale mokwanira."

* * *

Sajeni Ebina anabwera yekha kudzawafotokozera apongozi. Anakhala nawo pathebulo, n'kuwauza za makatoni, za zithunzi zimene zinapezeka mu Nkhanu, za dzanja lokandika. Pomaliza anati, "Mpongozi wanuyu ndi amene anaona pamene ife tonse tinatsinzina. Mwana ali m'manja abwino." Apongozi anangomuthirira tiyi wina, ngakhale woyamba anali asanamwe.

Masiku otsatirawo sanalankhule nane za chipatala, komanso sanapepese. Kachikwama kaja kanali pakhomo pomwepo, ndipo ine ndinkakalambalala ngati galu wogona.

M'mawa wa tsiku la mwambo, wansembe asanafike, ndinapeza kachikwamako kulibe. Zovala za Kotone zinali zitabwerera m'dirowa, zopindidwa mwa apongozi, m'makona anayi. Nsapato zachikasu zinali pashelefu, pafupi ndi zanga.

Iwo anali atagwada pa kathebulo koyera, atavala kale zakuda. Anayatsa lubani. Analiza kabelu. Kenako, osatembenuka, anatambasula dzanja kumbuyo.

"Tandibwereka foniyo."

"Amayi, Nkhanu ili kupolisi. Kuseri kulibe munthu, mayi Nobuko anapita kwa mchemwali wawo."

"Ndikudziwa. Tandibwereka."

Ndinawapatsa, n'kugwada pambali pawo. Anaigwira ndi manja onse awiri, monga ndinkachitira ine. Lubani anapsa kachigawo ka chikhadabo. Anapsa theka. Anapsa yense, phulusa n'kugwa. Kotone analowa akukoka bulangeti lake, n'kukhala pakati pathu osafunsa kanthu.

"Iweyo unamumvako," anatero apongozi, mawu akusweka. "Ngakhale linali bodza, unamumvako. Ine ndinangoima pakhomo."

Anandibwezera foni ili yofunda ndi manja awo.

Tsopano tikukhala kwa achimwene, ine ndi Kotone, m'chipinda chimodzi chimene zenera lake siliyang'ana kunyanja. Batani lija sindinalizimitsebe. Mwezi wotsatira uthenga wa kampani ya mafoni unandipeza ndili pamzere m'sitolo, Kotone atagwira siketi yanga. Ndinauwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Mayeni 500 aja panalibe. Sanandidule kalikonse.

Ndinalira pamzere pomwepo ngati andibera.